Kalata Yotseguka kwa a Nduna ya Zaumoyo: Sikelo ya ku Bangwe Iyezenso Nzeru ndi Mtima wa Mwana

Olemekezeka a Nduna,

Tsiku la sikelo ku Bangwe limayamba kusanache bwinobwino. Amayi amatsetsereka m'tinjira ta m'mapiri, ena kuchokera ku Namiyango, ena ku Mvula, ena ku Namatapa, mwana kumbuyo, buku la kuchipatala lokutira m'pulasitiki lili m'manja. Pofika 8 koloko mabenchi adzaza, nyimbo ya katemera yaimbidwa, ndipo mlangizi wa zaumoyo wakoleka kale sikelo yake. Mwana amalendewera, nkulira monga mwa mwambo wake. Mlangizi amawerenga makilogalamu, amaika kadontho pa mzere wa m'buku, amazunguliza tepi pamkono. Wina wabayidwa jakisoni, wina wadonthezedwa vitamini A. Mayi amabereka mwana wake nkuthamangira kukayala tomato dzuwa lisanakwere.

Mwambo umenewu palibe angaunyoze. Kafukufuku wa boma wa mu 1992 adapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Wa mu 2015 ndi 2016 adapeza 63. Amene adagwira ntchito imeneyi si anthu a matayi okha ayi. Ndi alangizi a zaumoyo oyenda pansi ndi panjinga, anamwino, ndi amayi omwe amapirira pa benchi m'mawa wonse. Ana omwe kale akadaikidwa m'manda lero ali moyo, ndipo kalata ino ikunena za iwowo.

Pa mzere womwe uja pamakhala mwana wa zaka 2 ndi theka amene sanatchulepo "amama". Akaitanidwa satembenuka. Pamakhala wina wa miyezi 10 amene khosi lake likadali lendelende, sakhala yekha, manja ake ndi ofumbata nthawi zonse. Pamakhalanso wina wonenepa bwino, wa masaya osalala, koma sayang'ana munthu m'maso, ndipo tsiku lonse amangozunguliza chitsekerero cha botolo. Onse atatu akhoza kukwera sikelo bwinobwino. Kadontho kamagwera pamalo pake, mayi amayamikiridwa kuti akudyetsa mwana, nkubwerera kunyumba ndi funso lake lija likadali pakhosi. Mwina adafuna kufunsa. Koma kumbuyo kwake kunali amayi ena ambirimbiri, ndipo palibe adamufunsa iyeyo.

Pempho la kalata ino ndi limodzi: kufunsa za kakulidwe ka nzeru, chilankhulo, makutu ndi maganizo a mwana kukhale chizolowezi chokhazikika ngati kuyeza kulemera, kolembedwa m'buku lake, kochitika pa nthawi zodziwika kuyambira ku sikelo mpaka ku sekondale. Ndipo a Nduna akafuna poyambira, ayambire ku Bangwe.

Chifukwa chake si chinsinsi. Lipoti la padziko lonse la mu 2012 lidaika Malawi pamwamba pa maiko onse pa chiwerengero cha ana obadwa masiku asanakwane: pafupifupi 18 mwa ana 100 aliwonse. Aliyense amene adalowako ku Chatinkha pa chipatala cha Gulupu adaona tiana tokhala ngati nkhonya, togonekedwa pachifuwa cha mayi mwa njira ya kangaru. Ena amabanika pobadwa. Ena amagwidwa chikasu cha sabata yoyamba, chimene chikapitirira muyezo chimavulaza ubongo ndi makutu. Kafukufuku uja wa 2015 ndi 2016 adapezanso kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 ndi opinimbira, ndipo njala imene imafupikitsa msinkhu siisiya ubongo uli bwino. Ana onsewa amatuluka m'chipatala ndi mawu akuti "wachira". Achiradi. Koma zimene zatsalira m'mutu zimaoneka patapita miyezi, nthawi zina zaka.

Nkhani ya malungo ndiyo ikuphunzitsa bwino, ndipo umboni wake udapezeka mu Blantyre momwemuno. Kuyambira mu 1986 Dr Terrie Taylor ndi anzake akhala akufufuza malungo a mu ubongo pa Gulupu. Mu 2010 gulu lotsogozedwa ndi Dr Gretchen Birbeck lidatulutsa zotsatira za ana 132 amene adakomoka ndi malungo amenewa nkupulumuka, omwe adawatsatira atatuluka m'chipatala. Pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse adatsala ndi vuto. Ena adayamba kugwa khunyu, ena adafooka ziwalo kapena kubwerera m'mbuyo pa kulankhula, ndipo ena adasintha khalidwe: kusakhazikika, ukali, kuchita zinthu mosaganiza. Gulu lotsirizali ndilo lomvetsa chisoni, pakuti vuto lawo silioneka ngati matenda. Limaoneka ngati mwano. Mwana amene adatuluka m'chikomokere banja lonse likuthokoza Mulungu, chaka chotsatira ndi amene akudya chikwapu tsiku ndi tsiku, atate ake akudandaula kuti "mwana uyu wayamba kusamva". Palibe amene adawauza makolowo potuluka m'chipatala kuti zoterezi zimachitika, ndi kuti zikachitika abwerere.

Pamene chipatala chakhala chete, ena amalankhula. M'makwalala a Bangwe mayina a ana oterewa alipo kale: wozerezeka, chitsiru, wamisala, mbuli. Zifukwa nazo zilipo kale. Mwana akachedwa kuyenda, apongozi amayamba kuwerenga masiku nkunena za tsempho, ndipo mlandu umagwera bambo kapena mayi. Akamatuluka dovu ali ndi zaka 7, anthu oyandikana nawo amaloza golosale ya amalume ake nkunong'onezana kuti mwana adamukhwimira. Akagwa khunyu, anzake amathawa poopa kuti thovu lipatsirana, zomwe si zoona ngakhale pang'ono. Banja limayenda kwa asing'anga, kumapiri kokapemphera, kwa aneneri, ndalama ya geni nkutha psiti. Maukwati ena amathera pamenepo, ndipo kawirikawiri wotsala ndi mwana ndi mayi. Wolemba kalata ino sakuseka makolo amenewa. Munthu wofuna yankho amapita kumene yankho likuperekedwa, ndipo sing'anga ali ndi chinthu chimodzi chimene mzere wa sikelo ulibe: amakhala pansi nkumvetsera.

Chodabwitsa nchakuti chida choyezera ana amenewa dziko lino lili nacho, ndipo chidapangidwa konkuno. Dr Melissa Gladstone ndi anzake a ku College of Medicine, yomwe kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), adayamba ndi kuyesa zida za ku Ulaya ndi ku America. Zidawavuta. Zida zimenezo zimafunsa ngati mwana amapalasa kanjinga ka mawilo atatu, ngati amakwera masitepe a nyumba yosanja, ngati amadzikonzera chakudya cha m'paketi. Mwana wa ku Mpingwe amene amakwera mwala wotalika kuposa iye nkutsika osagwa angalephere mayeso oterowo popanda chifukwa. Ndiye ofufuzawo adakhala pansi ndi makolo ndi agogo a m'midzi nkuwafunsa kuti mwana wanzeru amamudziwa bwanji. Mayankho adali a kwathu: amatumika, amapereka ulemu, amasewera bwino ndi anzake, amathandiza ntchito zapakhomo. Kuchokera pamenepo mudatuluka Malawi Developmental Assessment Tool, mwachidule MDAT, yomwe idasindikizidwa mu 2010. Ili ndi zoyesa 136 m'magawo anayi: kayendedwe ka thupi, kagwiritsidwe ntchito ka manja ndi zala, chilankhulo, ndi kakhalidwe ndi anthu. Idayesedwa pa ana 1,426 athanzi a m'chigawo cha kummwera, kuyambira akhanda mpaka a zaka 6, kuti padziwike msinkhu umene mwana wa kuno amachitira chinthu chilichonse. Zipangizo zake ndi zotsika mtengo, zokwana m'kadengu. Pa ana odziwika kale kuti ali ndi vuto la ubongo, chidachi chidazindikira 97 mwa 100.

Lero MDAT ikugwira ntchito pa kafukufuku m'maiko ambiri a mu Africa ndi kutsidya kwa nyanja. Dzina la Malawi likutchulidwa m'misonkhano ya akatswiri chifukwa cha iyo. Koma mayi wa ku Namiyango, wokhala makilomita ochepa chabe kuchokera pa sukulu imene chidachi chidabadwira, sadachimvepo. Zili ngati mlimi wa ku Thyolo amene tiyi wake akumwedwa ku London, iye akumwa madzi otentha a shuga.

A Nduna anganene kuti zoyesa 136 sizingatheke pa mzere wa amayi ochuluka chotero, ndipo anganene zoona. Palibe akupempha zimenezo. Pa benchi pakufunika mafunso ochepa a msinkhu umenewo basi, otengedwa m'chida chachikulucho ndi akatswiri a ku KUHeS. Pa miyezi 9: akukhala yekha? Akatchulidwa dzina akutembenuka? Akupanga timawu ta "bababa"? Pa miyezi 15: akuyenda? Akuloza chimene akufuna? Ali ndi mawu angati? Funso lotsiriza, lomwe mwina ndi lofunika kuposa onse, nlakuti, "Amayi, pali chimene chikukudetsani nkhawa pa mwanayu?" Amene wakodwa pa mafunso amenewa ndiye akayesedwe mokwanira tsiku lina, m'chipinda, ndi munthu wophunzitsidwa. Ku South Africa buku la mwana lotchedwa Road to Health lili ndi tsamba lotere, lofunsa za kumva, kuona, kulankhula ndi kuyenda pa misinkhu yoikika. Amalawi ambiri amene adaberekera ku Johannesburg adabwera nalo bukulo m'chikwama.

Masiku ofunsira alipo kale, safuna bajeti ina. Mayi amabwera pa masabata 6, 10 ndi 14, amabweranso pa miyezi 9 ndi 15 kudzabayitsa wa chikuku. Vuto limayamba katemera akatha, pakuti amayi ambiri amaleka sikelo pa nthawi yeniyeni imene vuto la chilankhulo limayamba kuoneka. Pamenepo mpamene sukulu za mkombaphala ziyenera kulowapo. Mlezi wa pa mmera mpoyamba amakhala ndi mwana masiku asanu pa sabata. Amadziwa amene sayimba nawo, amene amakhala pakona, amene samva akaitanidwa chakumbuyo. Chimene alibe ndi pepala lolembapo ndi munthu womutumizira.

Pa benchi pomwepo afunsidwenso mayi mwini. Kafukufuku wa Dr Robert Stewart ndi anzake ku Thyolo adaonetsa kuti ana a amayi ovutika maganizo amakhala otsalira pa msinkhu poyerekeza ndi anzawo, ndipo mafunso oyezera vutoli adamasuliridwa kale m'Chichewa nkuyesedwa. Mayi amene usiku sagona, amene chakudya sichimukomera, amene amangoti "ndikuganiza kwambiri", sangathe kuseka ndi khanda, kuliimbira, kuliyankha likamaguguma. Ndipo ubongo wa khanda umakula ndi zimenezo.

Kusukulu nkhani imakula. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994, makalasi oyambirira m'matauni ngati Bangwe amasefukira, ndipo mphunzitsi wa Sitandade 1 kukhala ndi ana oposa 100 si zachilendo. M'chigulu choterocho mwana wosamva bwino amangotsegula pakamwa anzake akamabwereza "a e i o u", nkuoneka ngati ali nawo limodzi. Mayeso akabwera walephera. Abwereza. Abwerezanso. Pofika zaka 11 ali mu Sitandade 2, wamtali kuposa onse, anzake akumutcha agogo. Tsiku lina salowanso m'kalasi, ndipo amapezeka pa depoti ya Limbe akugulitsa majumbo. M'kaundula mulembedwa kuti adasiya sukulu. Simulembedwa kuti khutu lake lidatuluka mafinya kwa zaka zitatu, kapena kuti kangapo pa tsiku ankangoti duu kwa masekondi ochepa, maso ali gwa, womwe ndi mtundu wina wa khunyu umene aphunzitsi amauyesa kulota masana. Kuyeza makutu, maso ndi kalankhulidwe pa teremu yoyamba ya Sitandade 1, ndi kuyezanso mwana aliyense amene wabwereza kawiri, kungagwire ambiri a iwo.

Achinyamata ndiye ali ndi katundu wina, wosaoneka konse. Bungwe la World Health Organization limati mmodzi mwa 7 a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la maganizo, ndipo theka la matenda a maganizo a akuluakulu limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Wina anganene kuti ziwerengero zimenezo nzakunja. Za kuno nazi. Dr Maria Kim ndi anzake adafunsa achinyamata 562 a zaka 12 mpaka 18 omwe ali ndi HIV, ku Lilongwe ndi ku Zomba, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu adapezeka ndi matenda a kukhumudwa. Zina mwa zomwe zinkayendera limodzi ndi vutoli ndi maliro pabanja, kulephera mayeso, ndi kusekedwa chifukwa chomwa mankhwala. Mafunso amene adagwiritsa ntchito adali a m'Chichewa. Mnyamata wotere akasiya kumwa ma ARV, chipatala chimalemba kuti ndi wosatsatira malangizo nkumudzudzula. Chimene chamugwetsa ulesi wofuna kukhala ndi moyo sichifunsidwa. Atsikana nawo, 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 amakhala atayamba kale uchembere, malinga ndi kafukufuku uja wa 2015 ndi 2016. Ambiri a iwo amakhala pa benchi ya sikelo ija, mwana atabereka mwana mnzake.

Ana a mu Blantyre a m'badwo uno aona zambiri. Mu Malichi 2020 sukulu zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Mu Januwale 2023 zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Patangopita miyezi iwiri namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 600 adafa, oposa 500 osapezeka. Makalasi adasanduka misasa. Bangwe nayo ndi tauni yomangidwa m'mphepete mwa mapiri, ndipo ana ake adagona usiku umenewo akumvetsera madzi. Matenti adachotsedwa, ufa ndi zofunda zidagawidwa, milatho ina yakonzedwa. Koma alipo ana amene mpaka lero mvula ikagunda pamalata amanjenjemera, ena adayambiranso kukodza pogona, ena adangoti zii. Apolisi chaka ndi chaka amalengeza chiwerengero cha anthu odzipha, ndipo mwa iwo mumakhala ana asukulu. Chiwerengero chimenecho chimafika mwambo wa maliro utatha.

Kufunsa wachinyamata kuli ndi luso lake, ndipo apa a Nduna achenjere ndi anthu okonda mafomu. Mtsikana wa Fomu 2 sangaulule zakukhosi pa fomu yogawidwa m'kalasi, yotoleredwa ndi mphunzitsi amene mawa adzamuwerengera malikisi pagulu. Sangalankhulenso mayi ake ali pambali, kapena namwino atatsegula chitseko. Pafunika chipinda, munthu mmodzi wodziwa kusunga chinsinsi, ndi mafunso a Chichewa chenicheni: akugona bwanji, akudya bwanji, chimene chinkamusangalatsa chikumusangalatsabe, kunyumba kuli mtendere, adayamba waganizapo zodzivulaza. Funso lomalizali anthu amaliopa, poganiza kuti limuika mwana maganizo oipa. Akatswiri adafufuza nkupeza kuti kufunsa sikuyambitsa maganizo amenewo. Kumangotsegula pakamwa pa amene anali nawo kale. Malo achinyamata a m'zipatala ndi magulu a Teen Club alipo, ndipo nambala ya 116 ya Tithandizane imayankha ana kwaulere. Mafunsowa akhoza kulowa mmenemo.

Tsono pali chitsutso chimene wolemba kalata ino sangachizembe, pakuti walira mvula walira matope. Mu 1968 akatswiri awiri, Wilson ndi Jungner, adalembera World Health Organization mfundo za kuyeza anthu ambiri nthawi imodzi, ndipo ina mwa izo imati matenda asafufuzidwe ngati thandizo la opezekawo palibe. Kuuza mayi kuti mwana wake ali ndi vuto nkumusiya pakhomo la chipatala opanda kolowera ndi nkhanza, kaya zolinga zinali zabwino chotani. Palinso china. MDAT yomwe ija, pa ana 100 abwinobwino, inkakayikira pafupifupi 18. Chida chilichonse choyezera chimatero. Ndiye kuti mlangizi wosaphunzitsidwa bwino akhoza kutuluka ndi mawu akuti "mwana wanu ndi wozerezeka" pa mwana amene adangochita manyazi tsiku limenelo, ndipo dzina loterolo ku Bangwe silifufutika. Mawu oyenera ndi akuti "tiyeni timuonenso". Zimenezi nzofunika kuphunzitsa, osati kungogawa mapepala pa msonkhano wa tsiku limodzi ku hotela.

Njira ya wotumizidwa, monga ilili lero, ndi yotopetsa. Kuchoka ku Bangwe ndi minibasi mpaka ku Limbe, kutsika, kukwera ina yodzera mu Chipembere Highway mpaka pa Ginnery Corner. Maulendo anayi kupita ndi kubwera, mwana wa zaka 6 wosayenda ali kumsana, geni ya tsikulo yafa. Za maganizo zimaonedwa ku Room 6 pa Gulupu, ndipo dzina lokhalo limaopsa anthu, poti limamveka ngati khomo lolowera ku Zomba Mental Hospital. Madokotala akuluakulu a matenda a maganizo m'dziko muno ndi owerengeka ndi zala, pa anthu amene kalembera wa 2018 adawapeza 17.5 miliyoni, theka la iwo ana. Kwa zaka zoposa 70 nkhani zimenezi zinkayendera lamulo la atsamunda la mu 1948, lomwe maganizo ake adali otsekera wodwala osati omupeza msanga. Ngati mwana aliyense wokayikiridwa atatumizidwa ku Gulupu, mzere wake ungafike pa Kamuzu Stadium.

Komabe Blantyre si chipululu. Pafupi ndi Gulupu pali Kachere, kumene amaphunzitsa ziwalo. Pa Gulupu pomwepo pali kiliniki yoyeza makutu ndi kupereka zothandizira kumva. Kutsika ndi msewu wa Midima, womwe umadutsa pamphuno pa Bangwe, munthu amafika pa mphambano ya ku Nguludi, kumene kuli koleji ya Montfort yosula aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera, ndi sukulu ya Mary View ya ana osamva. Ku Mzuzu a St John of God akhala akuthandiza ana a mavuto a kakulidwe kwa zaka zambiri, ndipo luso lawo lingabwerekedwe. Zonsezi zilipo, koma chilichonse chili pachokha ngati mafuwa amene sanaikidwe pamodzi. Mayi amazitulukira mwangozi, atamva kwa mnzake wa kumpingo, mwana ali kale ndi zaka 9.

Ndiponso thandizo lalikulu silifuna dokotala wamkulu. Khunyu ndi chitsanzo: World Health Organization imati anthu mpaka 7 mwa 10 akhoza kuleka kugwa atalandira mankhwala oyenera, ndipo mankhwala ngati phenobarbitone ndi otsika mtengo, bola asamasowe pa shelefu. Mwana wofooka ziwalo amapindula mayi ake akaphunzitsidwa momukhazikira, momudyetsera kuti asatsamwe, ndi momuongolera miyendo pamphasa. Wochedwa kulankhula amapindula banja likaphunzira kusewera naye ndi kumulankhula maso ndi maso. Ku Zomba alangizi a zaumoyo adaphunzitsidwapo kuzindikira ndi kuthandiza mavuto a maganizo m'midzi yawo, ndipo zidatheka. Ku Thyolo ndi ku Ntcheu ofufuza adaphunzitsa anthu wamba a m'midzi kufufuza ana olumala m'madera awo, ndipo adatulutsa ana zikwizikwi kudzayezedwa. Ku Harare Dr Dixon Chibanda adakhazika agogo aakazi pa mabenchi a kunja kwa zipatala kuti azimvetsera anthu ovutika ndi "kufungisisa", komwe ndi kuganiza kwambiri kwathu komwe kuja. Agogo ku Bangwe sasowa, mabenchi nawo sasowa.

Mawu amodzi okhudza alangizi a zaumoyo. Ntchito iliyonse yatsopano imene yaganiziridwa ku Capital Hill imatsikira pamutu pawo: katemera, kulera, chifuwa chachikulu, kolera, klorini, maneti, kaundula. Kuwasenzetsanso ina popanda kuwonjeza anthu ndi kunyenga. Adzangochonga mabokosi onse kuti "inde" kuti mzere uyende, ndipo lipoti lidzafika ku Lilongwe lonena kuti ana a ku Bangwe onse ali bwino. Palinso chizolowezi china chodziwika: mwana wa sikelo ndi wa unduna wa zaumoyo, wa mkombaphala ndi wa unduna woona za ana, wa pulayimale ndi wa unduna wa zamaphunziro. Mwana ndi mmodzi yemweyo, koma mbiri yake imathera pa chipata chilichonse. Buku la kuchipatala ndilo lokha limayenda naye, nchifukwa chake tsamba limeneli liyenera kukhala mmenemo.

Bangwe ndi malo abwino oyesera chifukwa ili ndi zonse pamodzi: chipatala chaching'ono cha boma chokhala ndi sikelo yodzaza, sukulu zothinana, madera ena a tauni ena ngati mudzi, Gulupu ndi KUHeS kumadzulo, Montfort kummawa. A Nduna angalamule kuti kwa zaka ziwiri mafunso aja afunsidwe pa miyezi 9, pa miyezi 15, pa zaka 3 ndi polowa Sitandade 1, komanso kwa mwana aliyense wotuluka ku Chatinkha kapena wopulumuka malungo a mu ubongo. Kamodzi pa mwezi akatswiri a ziwalo, a makutu ndi namwino wa za maganizo azibwera okha ku Bangwe, m'malo moti amayi 30 akwere minibasi. Ndipo powerengera zotsatira, chiwerengero cha ana ofunsidwa chisakhale chonyadira. Chowerenga ndi ichi: mwa amene adatumizidwa, adafika ndi angati, adathandizidwa ndi angati, ndipo patatha chaka ali m'kalasi ndi angati.

A Nduna akadzabwera kudzaona, adzapatukireko ku fakitale yoluka nsalu ya ku Bangwe, ya bungwe lomwe anthu adalizolowera kuti MACOHA, lomwe lamulo la mu 2024 lidalisintha kukhala MACODA. Kumeneko anthu olumala akhala akuluka makapeti, zikwama ndi nsalu za pakhoma kwa zaka zambiri, ndipo alendo ochokera kunja amagula nkunyamula. Adzawafunse amisiri amenewo kuti vuto lawo lidadziwika ali ndi zaka zingati, adalizindikira ndani, ndipo sukulu adailekera pati. Akadzamva mayankho, adzapite pa sikelo tsiku lomwelo isanakwane 10 koloko, amayi asanabalalike.

Mwaulemu,

Mmodzi wa anthu okhala ku Bangwe,
Blantyre